Anthu Odziwa Madzi a ku Mathiriro a Zambezi

Mtsinje wa Zambezi ukamafika pafupi ndi Mopeia, m'dziko la Mozambique, umakhala utayenda kale ulendo wautali zedi. Wachokera ku kasupe wake kufupi ndi Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, wagwa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, wapanikizika pakati pa matanthwe a Cahora Bassa, ndipo kunsi kwa Mutarara walandira madzi a Shire ochokera m'nyanja yathu. Kutalika kwake konse kumaposa makilomita 2,500. Kuchokera pa Mopeia kukafika kugombe la nyanja yamchere patsala makilomita ngati 120, koma dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda phiri kapena chitunda chotchinga madzi. Apa mtsinje umachepa liwiro n'kuyamba kutula mchenga ndi matope amene wasenza kuchokera kumtunda, ndipo mchenga womwewo ndi umene umautsekera njira. Madzi amapatuka, amagawikana, amakumananso. Pofika kunyanja amakhala atasanduka nthambi zambirimbiri zotulukira pa makomo angapo: Chinde, Kongone, Luabo, Timbwe ndi ena ang'onoang'ono. Dera lonseli, la bango, gumbwa, madambo ndi nkhalango za mitengo yomera m'madzi amchere, limakwana masikweya kilomita pafupifupi 18,000.

Pakhomo lililonse pamakhala mchenga wopingasa, umene umaunjikana pamene mphamvu ya mtsinje yakumana ndi mafunde a nyanja. Nyanja ikaphwa, mafunde amaswekera pamchengapo moti palibe chodutsa. Ikadzaza, mpata umatseguka kwa maola ochepa. M'kati mwa mtsinje namo zinthu sizikhalitsa: njira yakuya ya chaka chino, chaka chamawa mupeza pamera bango, ndipo pamene panali chisumbu padutsa madzi. Komabe kwa zaka mazanamazana katundu ndi anthu ankadutsa m'dera lomweli kukwera ndi kutsika, mpaka ku Sena, ku Tete ndi kuchigwa cha Shire. Amene ankatheketsa zimenezi ndi opalasa bwato: Asena, Apodzo, Achikunda, ndi Amang'anja a m'mbali mwa Shire. Luso lawo ndi limene limanditenga mtima m'mbiri yonse ya mtsinjewu, ndipo ndimaona kuti silinapatsidwe ulemu wokwanira.

Luso lake limayambira kumtunda, bwato lisanakhudze madzi. Mmisiri amasankha mtengo wowongoka, wa thunthu lalikulu, wosavunda msanga, monga mtondo kapena mbawa. Akaugwetsa amayamba wauyang'ana bwino kuti aone mbali imene idzakhale pansi, chifukwa mtengo uliwonse uli ndi kulemera kwake, ndipo bwato losemedwa mosalabadira zimenezi limayenda chopendekera moyo wake wonse. Nkhwangwa imachotsa zikuluzikulu, kasemasema n'kutsatira pang'onopang'ono. Pamene pali nzeru yeniyeni ndi pa makulidwe a makoma. Pansi amasiya pochindikala kuti bwato likhale lokhazikika ndiponso kuti lipirire kukhukhuza pamchenga. M'mbali amapepula kuti lisalemere. Alibe chopimira china koma dzanja ndi khutu: dzanja limodzi mkati, lina kunja, ndipo akagogoda thabwalo amamva pa kulira kwake ngati pakadali nyama yoti achotse. Akapitirira pang'ono, ntchito ya masabata yawonongeka. David Livingstone analemba kuti ku Shupanga, kugombe la kum'mwera kwa Zambezi, kunkasemedwa mabwato otha kunyamula matani angapo a katundu. Bwato lotero, ngakhale litadzaza, limafuna madzi ochepa kwambiri kuti liyandame, ndipo pa mtsinje wamchenga ngati uwu palibe ubwino woposa umenewu.

Kenako pakubwera ntchito ya maso. Kwa mlendo, madzi a Zambezi kunsi kwa Sena ndi thambalala limodzi lofiirira, lotambalala mwina makilomita angapo, lofanana paliponse. Wopalasa amaonapo zambiri. Pamene madzi akuchita timakwinya ting'onoting'ono tonyezimira, amadziwa kuti mchenga uli pafupi. Pamene ali bata, oderako, oyenda mosaphokosera, ndi pakuya. Pokhota mtsinje, njira yakuya imatsata gombe lakunja, limene madzi akuligumula, pomwe mbali yamkati imaunjika mchenga. Ndiye pakati pa kukhota kumodzi ndi kwina njirayo imawoloka mtsinje chopingasa, ndipo powolokapo ndi pamene pamakhala posaya kwambiri. Wopalasa wodziwa amayamba kupotoza bwato asanafike, atangoona mmene gombe lakutsogolo lagumukira. Mzere wa madzi wogawikira uku ndi uku popanda chooneka pamwamba umamuuza kuti pansi pagona chitsa kapena mtengo wokokoloka. Thovu ndi zinyalala zoyandama zimamusonyeza kumene mphamvu ya madzi yalunjika. Ngakhale mbalame zimamuthandiza: kakowa woima pakati pa mtsinje waima pamchenga.

Zonsezi amaziona bwato likuyenda, dzuwa likuthobwa m'maso, mphepo ya mwera ikusokoneza nkhope ya madzi moti makwinya a mphepo ndi makwinya a mchenga amafuna kufanana. Kusiyanitsa ziwirizi sikuphunziridwa mwezi umodzi. Mwana amayamba ndi kukapa madzi m'bwato la bambo ake, kenako amapatsidwa nkhafi, ndipo papita zaka asanamukhulupirire kukhala kumbuyo kumene bwato limawongoleredwa. Chimene amaphunzira si malo a njira, pakuti malowo amasintha chigumula chilichonse. Amaphunzira khalidwe la madzi, kuti akafika pamalo amene sanawaonepo chichitikire chigumula, athe kupeza njira yatsopano payekha.

Kukwera ndi kutsika ndi ntchito ziwiri zosiyana. Potsika, bwato limafunafuna mtima wa mtsinje kuti madzi aligwirire ntchito. Pokwera limauthawa. Limayenda mokhudza gombe, m'madzi ofooka a kuseri kwa zisumbu, ndipo posaya nkhafi zimaikidwa pansi, amuna n'kuimirira ndi mitengo yaitali yokankhira. Mtengo umatsika, umaluma mchenga, munthu amautsamira ndi thupi lonse, n'kuuzula usanamukokere m'madzi. Amuna angapo akamachita zimenezi pamodzi ayenera kukhala ndi mpweya umodzi, n'chifukwa chake nyimbo za pabwato sizinali zongosangalatsa. Wotsogolera akaponya mawu, anzake amavomera, ndipo kuvomerako ndi kumene kumagwetsa nkhafi zonse m'madzi nthawi imodzi. Kufupi ndi nyanja kumawonjezeka chinthu china chimene anthu a kumtunda sitichidziwa: kawiri pa tsiku madzi amabwerera chakumtunda, nyanja ikamadzaza. Wopalasa wa ku Chinde kapena ku Quelimane amawerengera ulendo wake pa mwezi wa kumwamba. Amadikira pansi pa mtengo madzi akamatsika, n'kunyamuka akatembenuka, kaya ndi usiku, ndipo mtunda umene ukanamutopetsa tsiku lonse amaudutsa atanyamulidwa.

Pa onse odziwa bwato, amene anafika pachimake ndi Apodzo, alenje a mvuu. Mabwato awo anali aatali, opapatiza ndi opepuka kwambiri, osemedwa kuti azithamanga. M'bwato munkakhala anthu awiri. Ankatsika ndi madzi mwakachetechete kulunjika pamene mvuu zagona, nkhafi osaimveka n'komwe. Wakutsogolo ankaimirira pa bwato lopapatizalo atagwira mkondo wangowe womangiriridwa chingwe chachitali, ndipo akalasa, mnzake wakumbuyo ankabweza bwato msangamsanga nyama isanatembenuke. Chitsulo chinkatsalira m'thupi, mpini n'kumasuka ndi kuyandama kumapeto a chingwe, kusonyeza kumene mvuu yalowera. Aliyense amene anaonapo mvuu itakwiya akudziwa kuti apa kulakwa kamodzi kokha kumatanthauza maliro. Kuima chilili pa chinthu chogwedezeka chotero, kuponya ndi mphamvu zonse osagwa, ndi kukhulupirira kuti mnzako kumbuyo wadziwa kale chochita musanalankhulane, ndi ukatswiri wa mibadwo.

Malonda akale sankalowera pa makomo a Zambezi enieniwo kawirikawiri. Ankadzera ku Quelimane, doko la pa mtsinje umene Vasco da Gama anautcha Rio dos Bons Sinais atafikapo mu 1498. Kuchokera kumeneko mabwato ankakwera mtsinje wa Kwakwa, wopapatiza ndi wokhotakhota, mpaka kufupi ndi Mopeia. Nthawi ya chigumula madzi a Zambezi ankasefukira mu Kwakwa moti bwato linkadutsa osatsitsa katundu. M'chilimwe katundu ankasenzedwa pamutu mtunda waufupi kukafika pa Mazaro, pagombe la Zambezi, n'kukwezedwanso m'mabwato ena. Nsalu ndi mikanda zinkakwera, golide ndi minyanga ya njovu n'kutsika. Apa m'pofunika kunena chilungamo: m'zaka za m'ma 1800 mabwato omwewo anatsitsanso anthu ogwidwa ukapolo, ambiri mwa iwo ochokera kuchigwa cha Shire, ndipo Quelimane linali limodzi mwa madoko akuluakulu a malonda oipawo. Opalasa ambiri nawonso anali akapolo a eni minda ikuluikulu ya Apwitikizi. Minda imeneyo itayamba kupasuka, Achikunda ochuluka anapeza ufulu ndi chakudya pa luso lomweli, n'kumalembedwa ganyu yonyamula katundu pakati pa gombe ndi Tete, ngakhale kupitirira. Allen ndi Barbara Isaacman analemba bwino mbiri yawo.

Sitima za nthunzi zitafika, zinafika ndi chikhulupiriro chakuti makina athetsa zonse. Mu 1858 Livingstone analowa pa khomo la Kongone ndi kasitima kotchedwa Ma-Robert, kopangidwa ku Birkenhead. Kankadya nkhuni zochuluka moti anthu ankataya nthawi yaitali akudula mitengo kuposa imene ankayenda, ndipo Livingstone mwini anavomereza m'buku lake kuti mabwato odzaza katundu ankatsala pang'ono kuyenda nako limodzi, pomwe ang'onoang'ono ankakapitirira. Atapeza kuti pa Cahora Bassa sipadutsika, anatembenukira mu Shire kumayambiriro a 1859, ndipo chaka chomwecho anafika ku nyanja ya Malawi, gawo lomaliza akuyenda pansi. Ma-Robert inabooka paliponse n'kumira pamchenga kumapeto a 1860. Imene inalowa m'malo mwake, Pioneer, inali yolimba koma yozama mafiti 5, ndipo mu Shire kuzama kotero kunali tsoka. Kumapeto a 1861 inatitimira pamchenga masabata asanu. Masiku omwewo Bishopu Charles Mackenzie, amene anagwirizana ndi Livingstone kuti akumane pa mathiriro a Ruo, bwato lake linagubuduzika usiku, mankhwala a malungo n'kutayika, ndipo anamwalira pa 31 January 1862 pafupi ndi Chiromo. Patangotha miyezi itatu Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ku Shupanga, kumene gulu lonse linachedwa nyengo ya malungo.

Amene anabwera pambuyo anaphunzirapo. Mu 1875 E. D. Young anabweretsa sitima ya Ilala yoyamba ili zidutswazidutswa, naimanga pa Kongone, n'kukwera nayo mpaka kunsi kwa mathithi a Shire. Kumeneko inaphwasulidwanso, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu ndi pamapewa kulambalala mathithi onse, kuyambira Kapichira mpaka kumtunda, mpaka inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1889, pamene Daniel Rankin analengeza ku Ulaya kuti khomo la Chinde ndi lakuya mokwanira kuti sitima za panyanja zilowe. Asodzi a kumeneko ankadutsapo kale ndi mabwato awo, koma kwa amalonda a ku Britain inali nkhani yaikulu, chifukwa katundu akanatha kulowa mu Zambezi osadzera pa kasitomu ya Apwitikizi ku Quelimane ndiponso osasenzedwa pamutu pa Mazaro. Chaka chomwecho Harry Johnston analowera pamenepo pa sitima yankhondo ya Stork. Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linatsegula Zambezi ndi Shire kwa sitima za mayiko onse, ndipo Britain anabwereka kachigawo ka malo pa Chinde kotsitsirapo katundu. Kwa zaka pafupifupi 30 mchenga wa pa Chinde ndiwo unali khomo la dziko lathu. Amishoni, makalata, malata ndi makina zinkalowera pamenepo, khofi, fodya ndi thonje n'kutulukira pomwepo. John Chilembwe popita ku America mu 1897 anatsika njira yomweyi.

Sitima zimene zinapambana pa njira imeneyi n'zimene zinatengera nzeru ya bwato. Kampani ya Yarrow ya ku London inapanga Mosquito ndi Herald mu 1890, zopansi pathyathyathya, zotambalala, zoyandama pa madzi osafika m'chiuno, gudumu lopalasira lili kumbuyo kumene zitsa ndi magombe sizingaliphwanye. Zinabwera m'zigawo zoyandama pazokha, zimene ankangozilumikiza ndi mabawuti zili pamadzi. Dzina la Port Herald, limene Nsanje inkadziwika nalo kale, linachokera ku imodzi mwa ziwirizi. Sitima zamalonda za kampani ya Mandala ndi makampani ena zinatsata kapangidwe komweko, zikukoka mabaji omangiriridwa m'mbali kuti katundu asazamitse sitima. Amisiri a zitsulo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa anavomera kuti mtsinje ndiwo ulamule kapangidwe ka chombo.

Koma ngakhale sitima yabwino chotero inkafunabe maso. Amalinyero ake anali anthu a mumtsinje momwemo, ana a opalasa bwato. Kutsogolo kunkaima munthu ndi mtengo wopimira, akuuviika ndi kufuula kuya kwa madzi kosalekeza, ndipo wogwira chiwongolero ankatsata zizindikiro zomwe zija za makwinya, thovu ndi magombe. Usiku sitima inkamangiriridwa kugombe chifukwa mumdima nkhope ya madzi sioneka. Ikatitimira, amuna ankadumphira m'madzi momwe muli ng'ona, ena kukankha, ena kunyamula nangula kukamuponya patsogolo kuti sitima idzikoke yokha ndi chingwe. Mabuku a apaulendo a nthawi imeneyo amatchula mayina a sitima ndi a akapitawo achizungu, koma amene ankapeza njira tsiku ndi tsiku amangotchulidwa mwachisawawa, opanda dzina. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa popanda iwo Blantyre sakanalandira ngakhale msomali umodzi wodzera pamadzi.

Chimene chinagonjetsa sitimazi ndi kuchepa kwa madzi. Nyanja ya Malawi inkatsika chaka ndi chaka, Shire n'kumaphwa. Poyamba sitima zinkafika mpaka ku Chikwawa, kenako zinkathera pa Chiromo, kenako pa Port Herald, ndipo m'chilimwe ngakhale pamenepo zinkalephera. Njanji inkatsatira m'mbuyo kufunafuna madzi akuya: inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908, ndipo patapita zaka zochepa inatsikira mpaka ku Chindio, pagombe la Zambezi. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi a m'nyanja anasiyiratu kutulukira mu Shire. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira inafika kutsidya la kum'mwera kwa Zambezi, ndipo chaka chomwecho namondwe anasakaza Chinde n'kumiza zombo zambiri. Malo obwereka aja, amene madzi anali akuwakokolola kale, anasiyidwa. Mlatho wa Dona Ana, wa makilomita oposa 3.6 pakati pa Sena ndi Mutarara, utatsegulidwa mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kuchoka ku Beira mpaka ku Blantyre osakhudza madzi. Sitima za magudumu zinatsala zikunyamula shuga wa ku Marromeu ndi ku Luabo kupita ku Chinde kwa zaka zina makumi angapo.

Mtsinje nawo unasinthidwa. Damu la Kariba linatsekedwa kumapeto a zaka za m'ma 1950, la Cahora Bassa mu 1974, ndipo chigumula cha chaka ndi chaka chimene chinkatsuka nthambi za kumathiriro ndi kudzaza madambo a Marromeu chinachepa mphamvu n'kusokonekera nyengo yake. Nthambi zina zinauma, zina zinatsekeka ndi udzu. Mu Shire, chotchingira madzi cha pa Liwonde chakhala chikuwongolera kayendedwe ka madzi kuyambira mu 1965, ndipo namasupuni wadzaza mifuleni yambiri. Wopalasa wa lero ayenera kudziwanso kuti madzi angakwere kunja kuli ngwee, chifukwa zitseko za damu zatsegulidwa kutali.

Komabe kulumikizana kwa madzi amenewa kudakalipo monga kale. Kufupi ndi Mutarara kuli mfuleni wa Ziu Ziu, umene Zambezi ikadzaza umatenga madzi ake n'kukawathira mu Shire, kuzungulira chisumbu cha Inhangoma. Zambezi ikakwera kwambiri, Shire amalephera kutsitsa madzi ake, ndiye amabwerera n'kudzaza dambo la Ndindi kunsi kwa Nsanje. Kumtunda pang'ono, pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, kuli dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. M'madambo amenewa njira ndi timipata ta pakati pa bango, tina tongokwana bwato limodzi, totseguka lero n'kutsekeka mawa mphepo ikakankha udzu woyandama. Msodzi wa milamba ndi makakana amalowa m'menemo m'bandakucha n'kutuluka pa doko lake lomwelo, akuzindikira malo pa mitengo ya migwalangwa yakutali, pa phiri la Morrumbala kapena mapiri a Thyolo, ndi pa mbali imene udzu wa pansi pa madzi wagonera.

Mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, ndi cholinga chotsitsimutsa njira ya pamadzi yopita ku Chinde. Baji yoyeserera imene inkabwera ku mwambowo inaimitsidwa ndi boma la Mozambique, limene linkafuna kuti kafukufuku ayambe wachitika, ndipo dokolo silinagwirebe ntchito imene linamangidwira. Maganizo ofuna njira yotsika mtengo yopita kunyanja ndi omveka kwa dziko lopanda gombe ngati lathu. Koma aliyense amene adzayambirenso nkhaniyi adzakumana ndi mchenga womwe uja umene unagwira Pioneer, ndipo ndikanakonda kuti pamodzi ndi makina opimira kuya adzakhale pansi ndi opalasa a ku Nsanje, ku Mutarara ndi ku Marromeu, amene amadziwa mmene njira yasunthira chaka ndi chaka.

Pakadali pano bwato likugwirabe ntchito. Limawolotsa anthu, njinga, mbuzi ndi matumba a chimanga pakati pa Nsanje ndi tsidya la Mozambique. Madzi atasefukira mu January 2015, ndiponso namondwe Freddy atalowera kufupi ndi Quelimane mu March 2023 n'kugwetsa chimvula kum'mwera kwa Malawi, mabwato a m'midzi anali pakati pa zoyamba kufika kwa anthu amene anatsakamira m'mitengo ndi pazulu, opalasa akuyenda pamwamba pa minda ndi misewu imene ankaidziwa ili youma. Chimene chikusowa tsopano ndi mitengo. Mitondo ndi mibawa ikuluikulu yatha m'madera ambiri a kuchigwa, moti amisiri amasema mabwato ang'onoang'ono kuchokera ku mitengo yofewa yosakhalitsa, kapena amayitanitsa thunthu kuchokera kutali pa mtengo wokwera. Akale amene atsala amawasamala kwambiri, ndipo mukayenda pa madoko a Shire mudzawaona atamatidwa zigamba za malata ndi phula, ena zigamba pamwamba pa zigamba, akunyamulabe anthu.